Nambala ya Aphunzitsi

Nambala inafika pa foni Lamai ali kuseri kwa nyumba, akuyanika zovala. Woimbayo anali Pranee, mwana wa Aphunzitsi a Sawaeng, ndipo ankalankhula motsitsa ngati munthu amene wabisala m'bafa kuti ena asamumve.

"Achemwali, Bambo atulutsa nambala ya chaka chino. Akuti sitairini 23.5. Akutinso muwauze a Thawin kuti asabwere ndi zifukwa."

Lamai anangoti chilili, malaya onyowa akudonthera pa mapazi ake. Thawin, mwamuna wake, anamwalira nthawi ya mvula. Anagwa ali pa ntchito, ku fakitale ya nsapato za mphira, ndipo pofika naye kuchipatala n'kuti mtima utaima kale. Mtembo wake anautentha ku kachisi monga mwa mwambo wa kumeneko, phulusa lake n'kukalimwaza pa nyanja ku Songkhla. Aliyense womudziwa mu tauni yawo ya Hat Yai anakhuza malirowo, kupatula munthu mmodzi. Sabata yomweyo Aphunzitsi a Sawaeng anali gone m'chipatala atang'ambidwa pachifuwa, ndipo madokotala ananenetsa kuti asamve chilichonse chodzidzimutsa. Choncho anauzidwa kuti Thawin watumidwa ku Vietnam kukaika makina atsopano. Maso awo anali atafa kale ndi matenda a shuga, moti nkhope za anthu onamawo sankaziona.

"Achemwali, mulipo?"

"Ndilipo."

"Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsani mwala. Koma tingowawolotsa chaka chatsopanochi. Tinene kuti a Thawin abwerako, koma agona ndi chimfine, akuopa kuwapatsira. Mkanda wokha ufike, basi. Ukapanda kufika afunsa, ndiye ine ndiyankha kuti chiyani?"

"Ufika," anatero Lamai. Anadula foni, n'kupitiriza kuyanika, koma malaya aja anawayanika chozondoka osazindikira.

Za mkandawu zinayamba kalekale, Lamai ali mtsikana wa ku sukulu ya ukachenjede, akuphunzira za mphira. Kwina konse, tsiku lolemekeza aphunzitsi likafika, ophunzira amangogula maluwa, kugwada, n'kupereka. Kwa a Sawaeng kunalibe zaulere zoterozo. Iwo ankaphunzitsa za mphira wopangidwa m'fakitale, uja wa matayala ndi zidendene za nsapato, amene ndi unyolo wautali wa tizidutswa ta mitundu iwiri tolumikizana: kolemera kotchedwa sitairini, ndi kopepuka kotchedwa byutadaini. Ankati unyolowo susiyana ndi mkanda wa maluwa. Ndiye ankatchula nambala, yomwe inali kulemera kwa sitairini pa magalamu zana alionse a mphira, n'kulamula kuti ophunzira akatunge mkanda wa maluwa zana limodzi, timarozi tofiira tiimire sitairini, timaluwa toyera tonunkhira totchedwa mali tiimire byutadaini. Ofiira angati, oyera angati, zimenezo akaone okha. Mkanda ukakhoza ankauvala tsiku lonse, mpaka ku msonkhano wa akuluakulu a sukulu. Ukalakwika ankaukoloweka pa mpopi wa mu labotale, n'kumafota pomwepo anthu onse akuona.

Ndipo yambiri inkathera pa mpopi. Mwana wa sukulu ndi mwana wa sukulu basi: akamva kuti makumi atatu pa zana, amathamangira kukawerenga marozi makumi atatu, kuiwala kuti nambalayo ndi ya kulemera, si ya kuchuluka. "Sikelo sidziwa kuwerenga!" ankafuula Aphunzitsi, choko chikuuluka. Tsiku lina atatopa ndi kufuula anatenga gulu la Lamai, anthu asanu ndi awiri, n'kupita nawo kuseri kwa labotale komwe kunali chisikelo choyezera mitolo ya mphira. Anawakweza onse pamodzi. Asanu ndi mmodzi anali owonda ngati mapesi. Wachisanu ndi chiwiri anali Thawin, chimnyamata cha ku minda ya mphira ku Trang, chimene chinkatha mbale ziwiri za mpunga n'kumasuzumirabe m'mbale ya mnzake. Aphunzitsi ankamutcha Njovu. Anamuuza kuti atsike, ndipo muvi wa sikelo unagwa mochititsa manyazi otsalawo. Onse anafa nacho chiseko. Lamai anaseka mpaka anagwira phewa la Thawin kuti asagwe potsika, ndipo dzanjalo silinachokepo msanga. Anzawo amati zonse zinayambira pamenepo.

Thawin anali wamasiye, wopanda ngakhale amalume oti n'kumuimira. Nthawi yokafunsira mbeta itakwana, ndi Aphunzitsi amene anavala jekete dzuwa likuswa mtengo, n'kukakhala pamaso pa makolo a Lamai ngati ankhoswe. Anawauza kuti mnyamatayo alibe munda, alibe nyumba, amadya ngati anthu awiri, koma sanama. Makolo anaseka, n'kuvomera.

Kuchokera pamenepo asanu ndi awiri aja sanaphonyeko chaka. Mwezi wa Epulo, chaka chatsopano chikafika, ankapita kukathira madzi m'manja mwa Aphunzitsi ndi kulandira madalitso, ndipo Aphunzitsi, ngakhale atapuma pa ntchito, ngakhale maso atafa, nambala sanaleke kutulutsa. Mkanda inali ntchito ya Thawin. Lamai anali atasiyana nayo kalekale sayansi, anatenga sitolo ya mayi ake yosoka mayunifomu a ana a sukulu, ndipo masamu ake anali a nsalu ndi mabatani. Tsopano ntchito ija inamugwera, pamodzi ndi bodza, ndipo chomupweteka kwambiri chinali bodzalo. Pa anthu onse a pa dziko, amene ankafunitsitsa kukawalirira pa mawondo anali omwewo amene anauzidwa kuti akawamwetulire.

M'mawa wa tsiku loti mawa lake ndi ulendo, anakhala pa tebulo lodulira nsalu ndi pensulo, n'kutembenuza katoni yakale ya ulusi. Analemba kuti marozi 23 ndi theka. Anayamba kudzifunsa kuti theka la duwa alitunga bwanji, kenako anadzigwira pakamwa. Zaka zonsezi, ndipo akanathera pa mpopi! Anafufuta msangamsanga ngati pali wina akumuona.

Mawu a Aphunzitsi anabwera okha, ndi kutsokomola kwawo komwe. Tenga magalamu zana, usaganize zambiri, tenga zana. Analemba: sitairini magalamu 23.5, byutadaini magalamu 76.5. Tsono funsa kuti m'mulu uliwonse muli tingati. Kilo ya mango ndi kilo ya mandimu n'zofanana pa sikelo, koma mandimu ndi ambiri. Gawa mulu uliwonse ndi kulemera kwa kachidutswa kake. Kulemerako Lamai sakanakuiwala, 104 ndi 54, chifukwa Thawin anaika manambala omwewo pa loko aliyense wa m'nyumbamo, kuyambira wa njinga mpaka wa sutikesi, akumati wakuba wodziwa zimenezi ndi woyenera kulandira katunduyo.

Makina owerengetsera anali pompo pa tebulo, koma anawakankhira kumbali. Aphunzitsi ankadana nawo. Anagawa 23.5 ndi 104, anapeza 0.226. Anagawa 76.5 ndi 54, anasokoneza, anayambiranso, anapeza 1.417. Anaphatikiza, 1.643. Kenako anagawa kakang'ono kaja ndi zonse pamodzi, n'kupeza pang'ono kusakwana 14 pa zana. Marozi khumi ndi anayi, maluwa oyera 86. Anayang'ana katoniyo, mtima ukugunda ngati wa mtsikana amene wakhoza mayeso, n'kutembenuka kuti aitane Thawin adzaone. Pakhonde panali njiwa yake yokha m'khola, ikuimba.

Njiwayo nayo inali ndi mbiri yake. Thawin ndi Aphunzitsi onse ankaweta njiwa zoimba, ndipo Lamlungu lililonse Thawin ankaimba foni n'kuigunditsa ku khola kuti Aphunzitsi amve mawu a yake. Ankatsutsana mpaka mpunga kuzizira, wina akuti yanga ili ndi mawu a mkuwa, wina akuti yakoyo ikulira ngati chitseko. Lamai ankadandaula nazo masiku amenewo. Tsopano Lamlungu linkatalika ngati msewu wa ku Bangkok.

Maluwa anakagula m'bandakucha wa tsiku la ulendo, akadali ndi mame, mali wosaphukira bwino ndi timarozi tating'ono. Atawerenga n'kuwaika m'thireyi, anaima. Thawin anali ndi katungidwe kake kamene Lamai anakhala akulimbana nako ukwati wonse. Ankati mu mphira weniweni tizidutswa sitifola pa mzere ngati asilikali, timangolumikizana mmene takumanirana. Ndiye ankathira maluwa onse m'dengu, kuwasakaniza, kuwamwaza pa mkeka kuchokera ku chitseko mpaka ku zenera, n'kumakwawa ndi singano, chimunthu chonsecho, akutola lililonse limene lili patsogolo. Lamai ankakalipa chaka ndi chaka. Maluwa okavala Aphunzitsi m'khosi, kuwamwaza pansi poponda mapazi! Thawin ankangoyankha kuti mkeka anachapa.

Anatulutsa mkekawo, anaufunyulula, anauyang'ana. Pakati pake panali podikha, pomwe Thawin ankagona masana. Anaupindanso. Ayi, iye atungira pa thireyi ngati munthu woleredwa, angosamala kuti zisaoneke zadongosolo. Anatunga oyera asanu, lofiira, oyera asanu ndi atatu, lofiira, oyera anayi, lofiira. Atamaliza anaukweza m'mwamba n'kuona kuti wasokonezeka mokwanira. Anaukulunga m'tsamba la nthochi, n'kuuika m'bokosi la ayezi.

Amene anadzamutenga anali Chamnan, mmodzi wa asanu ndi awiri aja, amene kale anali wowonda kuposa onse, koma tsopano anali ndi dazi ndi mimba yogunda chiwongolero. Ankagulitsa magolovesi a m'zipatala, ndipo pakamwa pake sipankapuma. M'misewu munali kale chipwirikiti cha mwambo wothirana madzi pa chaka chatsopano. Anyamata pa mapikapu anali ndi migolo ya madzi, ana m'mbali mwa msewu ndi mapaipi, ndipo galimoto ya Chamnan isanatuluke m'tauni inali itapakidwa kale ufa woyera mpaka pa magalasi.

"Mlamu, nkhanga zinapangana kusanapse," anatero Chamnan. "Tigwirizane. Chimfinechi chayamba liti?"

"Dzana."

"Akutsokomola kapena akungoyetsemula?"

"Iwe, usakometsere. Bodza lako limafufuma ngati buledi. Ungoti chimfine, n'kutseka pakamwa."

"Ndingowonjezera kuti ku Vietnam wawondako."

"Amenewo sangakhulupirire ngakhale utawauza ali m'tulo."

"Zoona. Njovu kuwonda? Paja tsiku la ukwati wanu anathyola mpando wa akuluakulu, n'kunamizira chiswe." Chamnan anaseka, akumenya chiwongolero, ndipo chisekocho chinatha mwadzidzidzi. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ufa uwu. Ana amenewa amaikamo chiyani masiku ano?"

Lamai anagwiritsitsa bokosi lija pa miyendo.

Nyumba ya Aphunzitsi inali ya matabwa, kunja kwa Songkhla, ndi makola a njiwa atapachikidwa pa milongoti m'bwalo. Anzawo anayi aja anali atafika kale, atakhala pakhonde ndi nkhope za anthu odikira jakisoni. Pranee anawachingamira pa geti, anagwira dzanja la Lamai n'kulifinya. Pa tebulo panali mango ndi mpunga womata, nsomba zokazinga, ndi mbale yasiliva ya madzi onunkhira yoyandama timasamba ta maluwa.

Aphunzitsi anali pa mpando wawo wa nsungwi, atavala malaya oyera ndi nsalu ya mizeremizere m'chiuno, beseni lili pa mapazi. Anali atachepa. Lamai anaona mafupa a m'manja mwawo, manja omwe aja amene ankaponya choko kuchokera ku bolodi mpaka mzere womaliza osaphonya. Mwina Pranee ankanena zoona. Munthu wotere akanatha kuthyoka ndi mawu amodzi.

"Ndamva galimoto yolira ngati ikupempha kupuma," anatero Aphunzitsi. "Chamnan wafika."

"Ndafika, Aphunzitsi. Galimoto ndi yatsopano imeneyi."

"Ndiye vuto ndi katundu wake. Njovu ali kuti?"

Chamnan anatsegula pakamwa, koma Lamai anamutsogolera.

"Wabwerako, Aphunzitsi, koma wagona ndi chimfine. Akuopa kukupatsirani. Wapereka moni, komanso mkanda."

"Oho," anatero Aphunzitsi. "Chimfine." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chabwino. Tiyeni, madzi asatenthe."

Anayamba kugwada mmodzimmodzi. Aliyense ankatunga madzi ndi kambale kakang'ono, kuthira m'manja mwa Aphunzitsi mofatsa, n'kuwerama. Aphunzitsi ankamugwira pamutu ndi dzanja lonyowa, kumufunira moyo wautali, n'kumutsina ndi mawu. Wina anamufunsa ngati anaphunzira kutsuka mabotolo. Wina anamukumbutsa tsiku limene anayatsa nsidze zake. Chamnan anamusisita dazi n'kunena kuti apa pokha m'pomwe wophunzira wawoyu anafika pa ukhondo. Ankaseka onse, koma chiseko chake chinali chopyapyala. Zaka zonse pa nthawi ngati imeneyi onse ankadikira Thawin, amene sankadziwa kuthira pang'ono. Ankadzaza kambale mpaka m'milomo n'kukhuthula kamodzi, madzi n'kulumpha beseni, kunyowetsa nsalu ya Aphunzitsi mpaka m'mawondo. Aphunzitsi ankakuwa kuti, "Njovu iwe, wandisambitsa!" ndipo mawu amenewo ndiwo ankatsegula chakudya.

Lamai anagwada pomaliza. Anafunyulula tsamba la nthochi, fungo la mali n'kudzaza khonde, n'kuika mkandawo m'manja mwawo.

Zala zinayamba ulendo. Zinkayenda duwa ndi duwa, milomo ikugwedera mwakachetechete. Kutali kumsewu kunkamveka ng'oma ndi mfuu ya anthu othirana madzi. Lamai ankayang'ana pansi. Ankapemphera zinthu ziwiri zotsutsana, kuti asazindikire ndi kuti azindikire, ndipo sankadziwa kuti pemphero loona ndi liti.

"Khumi ndi anayi," anatero Aphunzitsi. "Chiwerengero chakhoza."

Pranee anapuma momveka. Chamnan anaomba m'manja. "Mwaona! Njovu sakalamba! Ngakhale mamina ali chuchuchu, masamu ali pompo!"

"Chamnan, takhala chete. Pakamwa pako pakutentha kuposa dzuwali."

Mkanda sanauvale. Zala zinabwerera poyambira, ulendo uno mofulumira, zikulumpha kuchoka pa rozi kufika pa rozi.

"Mkanda wa Njovu ndimaudziwa," anatero. "Umakhala ndi malo pomwe marozi atatu aunjikana ngati anthu pa mkangano, kenako n'kuyenda mtunda wautali wa oyera okhaokha mpaka kukayika ngati waiwala. Uwu palibe ngakhale pamodzi pomwe marozi awiri agundana. Wotunga uyu ankafuna kuti zioneke zosokonezeka, koma ankaopa."

"Ndinamuthandiza, Aphunzitsi," anatero Lamai. "Chifukwa cha chimfine chija."

"Wamuthandiza bwino. Masamu anachita ndani?"

Lamai anayang'ana Pranee. Pranee anali atagwira pachifuwa pake.

"Ndinachita ine."

"Ndi makina?"

"Ayi, ndi pensulo."

"Mwana wabwino. Ndiye malizitsa. Khumi ndi anayi pa zana. Chepetsa. Ndi limodzi pa angati?"

Lamai anadabwa, koma funso la Aphunzitsi silibwezedwa. Anagawa m'mutu ngati mmene amagawira nsalu. "Limodzi pa... pa asanu ndi awiri."

"Pa chisikelo chija, kuseri kwa labotale, munakwerapo angati?"

Njiwa imodzi inaimba pa mlongoti, ina n'kuiyankha. Pamenepo Lamai anazindikira. Nambala ija anakhala nayo masiku onsewa, anaigawa, anaiphatikiza, anakondwera nayo, osaona chimene inanyamula. Galu wamkota sakandira pachabe.

"Anatsika mmodzi yekha," anatero Aphunzitsi, mawu awo ali ofatsa ngati akufotokozera wophunzira wochedwa kumva. "Powerenga, mmodzi si kanthu, otsala asanu ndi mmodzi. Koma muvi unagwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndinkayesa kuti mukaiona nambalayi mudziwa kuti ndikudziwa, mundichotsere manyazi ofunsa. Koma inu ana anga, kuyambira kale, masamu mumalekezera panjira."

"Bambo," anatero Pranee, akugwada pambali pawo, "mtima wanu, adokotala anati..."

"Mtima wanga unamva kalekale, mwana wanga. Munthu wondivutitsa ndi njiwa yake Lamlungu lililonse angosiya? Ku Vietnam kulibe mafoni? Lamlungu loyamba ndinati watanganidwa. Lachiwiri ndinakwiya. Kenako ndinamva mmene unkayendera m'nyumba muno, monyang'ama ngati mphaka, ndipo ndinadziwa. Ndinalira m'chipindamo nditaluma pilo, kuopa kukudzidzimutsa iwe." Anaseka pang'ono, misozi ikutsika m'maso osaonawo. "Taonani uchitsiru. Inu kundisunga ine, ine kukusungani inu, aliyense akulira pa yekha."

Chamnan anali atabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Aphunzitsi anatambasula dzanja, kufufuza, mpaka linapeza mutu wa Lamai.

"Lamai. Ndinavala jekete pa dzuwa chifukwa cha inu awiri. Ine ndine nkhoswe. Nkhoswe sabisiridwa maliro."

Pamenepo chimene Lamai anachimanga miyezi yonseyi chinamasuka. Anagwetsa mutu pa mawondo awo n'kulira mokweza, kulira kumene sanalire ku kachisi pamaso pa alendo, kapena m'bwato pomwaza phulusa. Ankanena zosamveka bwino, za mkeka, za njiwa imene sadziwa kuidyetsa, za mpunga umene amaphikabe wa anthu atatu pomwe wakudya ndi mmodzi. Aphunzitsi sanamutonthoze. Anangomusiya, dzanja lili pamutu pake, mpaka kulirako kunatsika kokha. Pranee ankayang'anitsitsa chifuwa cha bambo ake, ndipo chinkakwera ndi kutsika bwinobwino.

Kenako Aphunzitsi ananyamula mkanda uja, anaununkhiza, n'kuuvala m'khosi.

"Chaka chamawa udzamwaze pa mkeka," anatero. "Ndikudziwa kuti umadana nazo. Njovu ankandiuza zonse."

"Ndidzamwaza, Aphunzitsi."

"Tsono thira madzi. Anzako ali ndi njala."

Lamai anapukuta nkhope, anatunga madzi pang'ono, n'kuthira mofatsa m'manja mwawo. Anamudalitsa ndi mawu a chaka chilichonse, moyo wautali, thanzi, mtendere. Anayamba kudzuka, koma manja aja sanachoke pamwamba pa beseni. Anali chitambasulire, akudikira.

"Amenewo anali ako," anatero Aphunzitsi. "Atsala a munthu mmodzi."

Lamai anayang'ana kambale kaja m'dzanja lake. Anakamiza m'mbale yasiliva mpaka kanadzaza m'milomo, anakanyamula ndi manja awiri madzi akutayikira m'zala, n'kukhuthula onse kamodzi. Analumpha beseni, anamwazikira pa matabwa, ananyowetsa nsalu ya mizeremizere mpaka m'mawondo.

Aphunzitsi anakoka mpweya kuti akuwe monga mwa chaka chilichonse, koma mawu anatuluka aang'ono, othyoka pakati.

"Njovu iwe," anatero. "Wandisambitsa."